Chimimba Si Ubwana: Mafuta a M'mimba ndi Moyo wa Impso Zathu

Chidule cha khutbah ya Jumu'ah

Timtamande Allah, Subhaanahu wa Ta'aala, amene adatiikira m'thupi ziwalo zotitumikira usana ndi usiku ife osazilipira kanthu. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, pa akubanja lake, pa maswahaba ake, ndi pa onse owatsatira kufikira tsiku la Qiyaamah.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah. Mbali imodzi ya kumuopa ndiyo kusamala zimene adatisungitsa, ndipo thupi ndi amaanah imene tidzafunsidwa. Lero tikambe za ziwalo ziwiri zimene ambiri timazikumbukira pokhapokha tikapha mbuzi ya qurbaan. Ziwalozi ndi impso. Tikambenso za katundu amene tikuzisenzetsa mosadziwa, amene ndi mafuta a m'mimba.

Mimba imene tikuilemekeza

Ambiri a ife a kunyanja, a ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, tili ndi abale amene adakwera kumtunda kukasaka moyo m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Ena ali ndi magolosale pa Mponela ndi pa Madisi. Ena amagulitsa usipa ndi utaka pa Mvera, pa Malomo ndi pa boma la Ntchisi. Ena amapikula soya, mtedza ndi chimanga nyengo yokolola. Mbale wotere akatsikira kumudzi pa Eid malaya atamuthina pamimba, timamulandira ndi mawu akuti, “Koma ndiye zikukuyenderanitu, mpaka mimba ya ubwana!” Mayi akanenepa timati mwamuna wake akumusamala. Munthu akayamba kuchepa thupi, timayamba kunong'onezana za matenda. Choncho ngakhale amene akumva kulemedwa ndi thupi lake amaopa kulichepetsa, kuopa pakamwa pa anthu.

Kale mapiri amenewa ankamusamalira okha munthu. Wolima m'matsitso a Ntchisi, woyenda pansi kupita kumsika, wosenza nkhuni kukwera chitunda, sankasunga mafuta pamimba. Lero wamalonda amakhala pampando kuyambira Fajr mpaka Maghrib. Ulendo umene ankauyenda ndi miyendo akukwera kabaza wa njinga yamoto. Pakhomo pa golosale pali chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya, m'kati muli firiji ya zakumwa zotsekemera. Ndalama za fodya zikatuluka, mgaiwa umasanduka chakudya chamanyazi.

Zimenezi sizongoona ndi maso ayi. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa kapena sankalandira mankhwala. Adapezanso kuti mmodzi mwa asanu aliwonse adali wonenepa kupyola muyeso. Kafukufuku wina wa bungwe la MEIRU, amene adachitika ku Area 25 mu Lilongwe ndi m'midzi ya ku Karonga pakati pa 2013 ndi 2016, adapeza kunenepa kopyola muyeso mwa amayi 44 pa 100 aliwonse m'tauni ndi amayi 27 pa 100 aliwonse kumudzi. Tisanamizane kuti awa ndi matenda a mabwana a m'tauni okha. Adafika kale kumudzi. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ntchito ya impso

Munthu ali ndi impso ziwiri kumsana, m'munsi mwa nthiti, iliyonse kukula kwake ngati chibakera chake. M'kati mwa impso iliyonse muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni, tosaoneka ndi maso. Magazi onse a m'thupi amadutsa m'tisefa timeneti kambirimbiri pa tsiku. Madzi amene timasefa pa tsiku limodzi amakwana malita pafupifupi 180, ndiye kuti zigubu 9 za malita 20. Pafupifupi onsewo amabwezedwa m'magazi, ndipo lita imodzi kapena awiri okha ndiwo amatuluka ngati mkodzo, atanyamula zoipa za m'thupi ndi mchere wotsala.

Inu a kunyanja simuvutika kumvetsa zimenezi. Ukonde wabwino umalola madzi kudutsa koma umagwira nsomba. Tisefa ta impso timalola madzi ndi zoipa kudutsa, koma timagwira zofunika monga mapuloteni ndi maselo a magazi kuti zisatayike. Maso a ukonde akang'ambika nsomba zimapulumuka. Tisefa tikang'ambika, mapuloteni amayamba kutuluka mumkodzo.

Kupatula kusefa, impso zimathandiza kuwongolera kathamangidwe ka magazi, zimatumiza uthenga kumafupa kuti apange magazi atsopano, ndiponso zimathandiza kuti mafupa akhale olimba. Zonsezi zimachitika ife tili m'tulo, tili m'Swala, tili pamsika. Ndani mwa ife adayamba wamuthokoza Allah chifukwa cha impso zake?

Mafuta ali mitundu iwiri

Mafuta a m'thupi si ofanana onse. Alipo a pansi pa khungu, amene mungathe kuwatsina ndi zala, monga a m'ntchafu ndi m'mikono. Alipo ena a m'kati mwenimweni mwa mimba, okuta matumbo, chiwindi ndi impso. Aliyense amene adasendapo mbuzi yonona adawaona: mafuta oyera aja oyala pamatumbo ngati nsalu, ndi ena okwirira impso mpaka kuchita kuzifukula ndi mpeni. Mwa munthu zilinso chimodzimodzi. Mafuta a m'kati amenewa ndiwo amatukumula mimba n'kuilimbitsa ngati ng'oma, ndipo ndiwo oopsa kwambiri. Ndiye chifukwa chake munthu wa miyendo ndi mikono yowonda koma wotuluka mimba akhoza kukhala pangozi, ngakhale sikelo ikunena kuti sakulemera kwambiri.

Mafutawa sangokhala chete ngati chimanga m'nkhokwe. Amatulutsa timadzi timene timalowa m'magazi ndi kusokoneza kagwiridwe ntchito ka thupi. Kuchokera pamenepo, pali njira zitatu zimene amafikira nazo ku impso.

Njira yoyamba ndi matenda a shuga. Thupi limapanga insulini, imene ntchito yake ndi kutsegulira shuga wa m'magazi kuti alowe m'minofu ndi kupereka mphamvu. Mafuta a m'mimba amachititsa kuti thupi lisiye kumvera insulini. Shuga amayamba kuunjikana m'magazi, ndipo m'kupita kwa zaka amawononga timitsempha tosalimba ta m'tisefa. Padziko lonse, matenda a shuga ndiwo ali patsogolo pa zifukwa zopha impso.

Njira yachiwiri ndi kuthamanga kwa magazi. Mafuta a m'mimba amadzutsa mitsempha ndi timadzi tolamula impso kuti zisunge mchere ndi madzi m'malo mozitaya. Komanso mafuta okuta impso amazipanikiza. Madzi akachuluka m'mitsempha, magazi amakankha mwamphamvu, ndipo mphamvu imeneyo imamenya tisefa usana ndi usiku. Choipa kwambiri n'chakuti impso zikawonongeka zimakwezanso kuthamanga kwa magazi, kotero awiriwa amakokerana kudzenje.

Njira yachitatu ndi kulemedwa ndi ntchito, ndipo imagwira ngakhale munthu amene alibe shuga kapena vuto la magazi. Chiwerengero cha tisefa chimatha kuikidwa munthu asanabadwe, ndipo sichiwonjezekanso. Thupi likakula, magazi ofunika kusefa amachuluka, koma osefa ndi omwe aja. Kasefa kalikonse kamakakamizika kugwira ntchito yopyola mphamvu yake, kamafutukuka, kamayamba kudontha mapuloteni, pomaliza kamauma n'kusanduka chipsera. Katundu wake amagwera totsala, ndipo nato timatopa msanga. Zili ngati ngolo ya ng'ombe ziwiri yokwera chitunda cha ku Dowa, mwini wake n'kumawonjezera mabelo a fodya chaka ndi chaka, ng'ombe zili zomwezo. Pamwamba pa njira zitatuzi, kunenepa kumawonjezeranso mpata wa timiyala ta mu impso.

Pano pali mfundo imene itikhudza ife Amalawi mwapadera. Mwana amene adabadwa wochepa thupi kapena wosakwana masiku, kawirikawiri amabadwa ndi tisefa tochepa. Ambiri a ife tidabadwira m'mabanja osowa, amayi athu ali ndi pakati koma osadya mokwanira. Ana amene adabadwa m'njala ya 2002, imene idakantha kwambiri chigawo chapakati, lero ndi akuluakulu a mabanja awo. Munthu wotere akapeza bwino n'kutuluka mimba, ndiye kuti katundu wamkulu wagwera impso zimene zidayamba ulendo zili zoperewera kale.

Chakudza sichiimba ng'oma

Matenda a impso a mtundu umenewu samva kuwawa poyamba. Munthu akhoza kutaya gawo lalikulu la mphamvu ya impso zake akuyenda, akugulitsa, akuswali monga mwa masiku onse. Akatswiri amati padziko lonse pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 10 aliwonse ali ndi vuto la impso, ndipo ambiri sadziwa. Zizindikiro zimabwera mochedwa: mkodzo wa thovu losatha msanga, kutupa kwa mapazi ndi zikope makamaka m'mawa, kudzuka kawirikawiri usiku kukataya madzi, kutopa, kuchepa magazi, kuyabwa kwa khungu, nseru ndi kusafuna kudya. Pofika pamenepa ambiri timayamba kuloza chala wamalonda mnzathu kuti watilodza, pamene mdani tamulera tokha pansi pa malaya.

Impso zikaferatu, chotsala ndi makina osefa magazi amene achipatala amati dialysis, kapena kupatsidwa impso ya munthu wina. Makinawa amapezeka m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna. Wodwala amalumikizidwa kumakina maola pafupifupi 4, kawiri kapena katatu pa sabata, moyo wake wonse. Taganizani za bambo wa ku Nthondo kapena ku Malomo. Ayenda bwanji ulendo wa ku Lilongwe kawiri pa sabata, chaka ndi chaka? Golosale ija imatha, munda umagulitsidwa, ana amasiya sukulu. Za kuika impso ina, odwala a kuno amatumizidwa kunja, kawirikawiri ku India, ndipo ndi ochepa amene mwayi umenewo umawafikira. Kwa ife, mankhwala amene tingawakwanitse tonse ndi kupewa.

Khutbah yachiwiri

Abale olemekezeka, Chisilamu sichidatisiye mumdima pa nkhani ya mimba. Mu Surah Al-A'raaf, ndime 31, Allah adatiloleza kudya ndi kumwa, koma m'ndime yomweyo adaletsa israaf, kumene ndi kupyola malire. Hadith imene adailandira Miqdaam bin Ma'dikarib, yopezeka mwa Tirmidhi ndi Ibn Maajah, imatichenjeza za kuipa kwa kudzazitsa mimba, ndipo imatiphunzitsa kuigawa patatu: malo a chakudya, malo a chakumwa, ndi malo opumira. Mwa Bukhari timawerenga kuti Mtumiki (S.A.W) adamubweza Abdullah bin Amr pamene ankadzipanikiza ndi kusala ndi kuswali usiku mopyola, namukumbutsa kuti thupi nalo lili ndi gawo lake loyenera kulipatsa. Ngati sitiloledwa kuzunza thupi ndi ibaadah, tingaloledwe bwanji kulizunza ndi mbale? Chakudya chikhoza kukhala cha halaal, nyama yozingidwa bwino, koma kadyedwe kake n'kukhala ka israaf.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, tiyeze mimba. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuyambira kuphazi mpaka pamutu, mudule. Chipindeni pakati, ndipo muchizungulize m'mimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, chapamwamba pang'ono pa mchombo, mutatulutsa mpweya koma osakoka mimba. Ngati nsonga ziwiri zakumana, muli pabwino. Ngati zalephera kukumana, mafuta a m'mimba achuluka. Lamulo lake n'lakuti mimba isapyole theka la kutalika kwanu: munthu wotalika masentimita 170, mimba yake isafike 85. Amene ali ndi tepi ya atelala adziwe kuti ngozi imayamba kukwera pa masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi, ndipo imakula kwambiri pa 102 kwa abambo ndi 88 kwa amayi. Amayi ayezane okhaokha m'nyumba, mwaulemu. Muyeso umenewu si wa amayi oyembekezera kapena ana. Dziwaninso kuti si mimba yotupa iliyonse imene ili mafuta. Mimba yokula msanga munthu akuwonda ikhoza kukhala madzi obwera ndi matenda a chiwindi kapena chotupa, ndipo imeneyo ndi ya kuchipatala msanga.

Chachiwiri, tikayezetse tisadadwale. Chipatala cha boma cha Dowa ndi cha Ntchisi, cha Mponela, cha mishoni cha Madisi, ngakhalenso zipatala za Salima, Nkhotakota ndi Mangochi, zilipo chifukwa cha ife. Pemphani kuti akuyezeni kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Ngati magazi akufika 140 pa 90 kapena kupyola mobwerezabwereza, limenelo ndi vuto. Funsani za kuyeza mapuloteni mumkodzo, ndi za kuyeza magazi kumene amati creatinine, kumene kumasonyeza mphamvu ya impso. Wa mimba yaikulu, wa shuga, wa vuto la magazi, ndi amene kubanja kwawo kuli matenda a impso, ayezetse kamodzi pa chaka. Amene adapatsidwa mankhwala a magazi kapena a shuga amwe tsiku ndi tsiku, osasiya chifukwa akumva bwino. Mtumiki (S.A.W) adatilamula kufunafuna mankhwala, choncho kupita kuchipatala sikutsutsana ndi tawakkul.

Chachitatu, tibwerere ku mbale ya makolo athu. Mgaiwa uposa ufa woyera. Mitanda ya nsima, kondowole kapena mpunga ichepe, ndiwo zamasamba zichuluke: bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada. Nyemba, khobwe, nandolo ndi soya zimalimidwa m'mapiri momwemo. Nsomba ndi chakudya chabwino, koma yophika kapena yootcha iposa yomira m'mafuta. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera lili ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8, ndipo ena amamwa atatu pa tsiku, kuwonjezera pa tiyi ndi thobwa zothira shuga wambiri. Mchere wa tsiku lonse usapyole magalamu 5, ndiyo supuni imodzi ya tiyi. Chotsani mchere wa pambali pa mbale. Pa nikaah ndi pa sadaka, pamene mpunga ndi nyama zimasefukira, wolandira alendo asakakamize munthu amene wati wakhuta, ndipo ife mashehe amene timaitanidwa kawirikawiri tisadzichotse m'gulu la olangizidwa.

Chachinayi, tiyende. Akatswiri amalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za kuyenda mwandawala kapena ntchito yotulutsa thukuta, ndiye kuti mphindi 30 masiku asanu. Mtumiki (S.A.W) ankapita ku mzikiti wa Qubaa Loweruka lililonse, nthawi zina wapansi. Adapikisanapo kuthamanga ndi mayi Aisha, Allah asangalale nawo, ndipo mwa Abu Dawud timawerenga kuti ulendo woyamba mayiwo adapambana, koma atanenepa adagonja. Phazi lililonse lopita ku mzikiti lili ndi malipiro. Siyani kabaza pa ulendo wa pafupi. A kumapiri chitunda chili pakhomo, a kunyanja muli ndi gombe. Simukufunika kuwonda ngati bango. Kuchotsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwanu, monga makilogalamu 5 mpaka 9 kwa munthu wa makilogalamu 90, kumatsitsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo impso zimapepukidwa. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Chachisanu, tisazionjezere impso adani ena. Mapiritsi opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi indomethacin, amene timangogula m'magolosale, amawononga impso akamamwedwa tsiku ndi tsiku. Chenjerani ndi mabotolo osadziwika muyeso amene amatsatsidwa kuti amasungunula mafuta kapena kutsuka impso. Fodya, wosuta kapena wofwenkha, amawononga mitsempha. Inu a kunyanja kumbukirani likodzo: likakhalitsa limatseka njira za mkodzo ndi kuwononga impso, pamene mankhwala ake, praziquantel, alipo. Amene ali pa ma ARV, ena mwa mankhwalawa amanenepetsa. Musawasiye, koma fotokozerani adokotala ndipo muziyezetsa impso.

Za Ramadhan, mwezi umenewu ndi sukulu ya kudziletsa, koma ambiri timaumaliza mimba itakula chifukwa futari imasanduka phwando la zokazinga ndi zotsekemera. Futuruni mopepuka, muswali, kenako mudye mwamuyeso. Imwani madzi okwanira pakati pa Maghrib ndi daku. Amene ali ndi matenda a impso kapena a shuga afunse adokotala mwezi usadayambe. Surah Al-Baqarah, ndime 184 ndi 185, idamupeputsira wodwala: amene akuyembekezera kuchira adzabweza masikuwo, ndipo wa matenda osachiritsika amapereka fidyah podyetsa wosauka. Kulandira chipeputso cha Allah si kufooka kwa chikhulupiriro.

Pomaliza, mawu amenewa asasanduke mkwapulo wokwapulira anzathu. Surah Al-Hujuraat, ndime 11, idaletsa kusekana ndi kupatsana maina achipongwe. Ena amanenepa chifukwa cha chibadwa, uchembere kapena mankhwala. Mbale wanu wonenepa musamuseke, mutengeni muziyendera limodzi. Ndipo mukaona wina wachepetsa thupi, musamunong'oneze, mwina wangomvera dokotala. Chimene tisinthe ndi lilime lathu loyamikira chimimba ngati chizindikiro cha rizq. Rizq yeniyeni ndi bambo amene ali ndi mphamvu zowerama pa rukuu ndi kugwetsa nkhope pansi pa sajdah mpaka ukalamba, ndi mayi amene adzalera adzukulu ake ali wathanzi.

Tikumpempha Allah atipatse thanzi m'matupi mwathu, m'makutu mwathu ndi m'maso mwathu. Achize odwala athu, makamaka amene ali pa makina osefa magazi, ndipo awapatse kupirira iwo ndi owasamalira. Adalitse chakudya chathu, atiteteze ku israaf, atikhululukire ife ndi makolo athu, ndipo atisonkhanitse ku Jannah. Aamiin.